Kugogoda Nkhuni za Apongozi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa basi inandisiya. Panali patapita zaka ziwiri chichitikire chilala cha 1992, ndipo ine ndinali mkamwini watsopano m'mudzi wa kwawo kwa mkazi wanga Malita, kufupi ndi Chinyunyu. Kwathu ndi ku Chipata, ndipo kuchoka kumeneko ndinangobwera ndi chikwama chimodzi ndi ulemu wambiri. Munda womwe ndinkalima unali wa apongozi, nyumba inali pamalo pa apongozi, ngakhale tambala wondidzutsa m'mawa anali wa apongozi. Malita anali ndi pakati, koma ine ndinalibe chogulira ngakhale thewera limodzi. Mlamu wanga wamkulu akandiona ndikudutsa ankafunsa anzake mokweza kuti kodi ng'ombe yatsopano ija idzayamba liti kukoka. Ndinkaseka nawo, koma zinkandipweteka kwambiri.

Tsiku lina kumayambiriro kwa Epulo ndinavala malaya anga a ukwati n'kupita kumsewu waukulu kukadikira basi ya ku Lusaka. Ndinkafuna ntchito iliyonse, ngakhale ya ulonda. Basi inabwera itadzaza mpaka pakhomo, ndipo kondakitala anangondikupizira dzanja n'kupitirira. Ndinakhala pamwala pafupi ndi milu ya nkhuni yomwe inali m'mbali mwa msewu. Pamenepo mayi wina wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi lake, ankakangana ndi bambo yemwe anabweretsa nkhuni panjinga. Bamboyo ankalumbira kuti nkhunizo ndi zouma, mayiyo ankakayika.

Ine pakamwa panga sipachedwa kuyabwa. Bambo anga ankasonkha moto m'mabani owotchera fodya, ndipo ndinakula ndikulandira makofi chifukwa cha nkhuni zaziwisi. Ndinanyamuka, kutola zikuni ziwiri panjingapo, n'kuzimenyetsa pamodzi. Zinangoti phu, phu.

"Izi zikalibe kuuma, amai," ndinatero. "Mwezi umodzi chabe kuchokela pamene anazidula."

Bambo uja anandiyang'ana ngati ndamupondera mwana, n'kukankha njinga yake kumapita. Mayi uja anandiyeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe wa shati ya ukwati, uyenda kuti?"

"Ku Lusaka, kusakila nchito."

"Nchito yake ni iyi apa. Vula shati."

Amenewo anali ba Lute, mayi wamasiye yemwe ankagula nkhuni kwa anthu a m'midzi n'kumakazigulitsa ku Lusaka. Zina zinkapita kwa ophika buledi, koma phindu lenileni linali m'miyezi yozizira, kwa anthu a kumayadi okhala m'nyumba zakale zokhala ndi chumuni, zomwe moto amausonkha m'chipinda chochezera. Anthu amenewo ankafuna nkhuni zouma kwenikweni, zopanda utsi, ndipo ena ankabwera okha ndi magalimoto awo. Ba Lute ankapita mtauni ndi lole kawiri pamlungu, choncho ankafuna munthu wotsala pamilu, wodziwa kugula.

Zida zinali zochepa: nkhwangwa ziwiri, sowo, hamala yaikulu, zitsulo ziwiri zong'ambira zomwe anachita kusulitsa kuchokera ku sipuling'i ya lole, ndi kandodo koyezera. Kandodoko kanali kotalika kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya chala, chifukwa chikuni chopitirira pamenepo sichilowa pansi pa chumuni. Munthu akabweretsa nkhuni ndinkayamba kuona kumapeto kwake ngati kuli ming'alu. Kenako ndinkakanda khungwa ndi chikhadabo, chifukwa la mtengo wouma limasupuka lokha. Ndikatero ndinkanyamula chikunicho kuti ndimve kulemera kwake, n'kumaliza ndi kugogoda. Zouma zimalira mokweza kuti ngwe, ngwe, pamene zaziwisi zimameza mawu. Ndikakayikabe ndinkang'amba chimodzi n'kugunditsa mtima wake patsaya. Ukamva kuzizira, dziwa kuti madzi akadalimo.

Ba Lute anandiphunzitsanso zomwe sindinkazidziwa. Nkhuni zofumbwa kapena zolowedwa chiswe zimalira bwino ndithu, koma zimapsa ngati pepala, osasiya makala. Pa mitengo yonse ya nkhuni, muwanga ndiye mfumu, tsanya wochokera cha ku Shikabeta amayaka mpaka munthu kuiwala kuti anasonkha liti, mtondo ndi mombo zimafuna chaka chathunthu chikhalire zodula, ndipo mkuyu ndi utsi wokhawokha. Pounjika tinkayamba tayala mitengo iwiri pansi kuti chinyezi ndi chiswe zisafike, m'mphepete tinkasanja mopingasa kuti mulu usagwe, ndipo pakati tinkasiya mipata yoti mphepo izidutsa. Lamulo lawo lalikulu linali limodzi, ndipo ankalinena tsiku lililonse asanakwere lole.

"Usakhulupilile maso, Zakeyo. Gogoda. Olo abwelese ni abusa, gogoda."

Ndinkagogodadi. Abusa enieniwo anabwera ndi mtolo wawo, ndinagogoda, iwo n'kuseka. Ntchito ndinaikonda. Manja anachita zikang'a, msana unkawawa, koma kwa nthawi yoyamba ndinalowa m'mudzi muja nditanyamula sopo ndi mchere zogula ndekha, ndipo ndinachita kudutsira dala pakhomo pa mlamu wanga.

Vuto linayamba mu Meyi, pamene apongozi anga aakazi, mayi ake a Malita, anayamba kubweretsa nawo nkhuni. Amene sanakhalepo pa chikamwini mwina sangamvetse. Ine ndi iwo sitinkayang'anana kumaso, sitinkadyera pamodzi, ndipo sitinkalankhulana mwachindunji. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, kugwada n'kuwomba m'manja nditayang'ana kumbali mpaka iwo atadutsa. Mawu aliwonse ankadzera mwa munthu wina. Sikunali kudana, unali ulemu, ndipo ine ndinkausunga mopitiriza chifukwa china choti ndiwapatse ndinalibe.

Choncho ndikangoona duku lawo lofiira likutuluka panjira ya kumudzi, ndinkazembera kuseri kwa mulu. Pafupi nafe pankakhala amake Dailesi, mayi wachikulire wogulitsa nthochi ndi chimanga chowotcha, ndipo ndiwo ankalandira mtolo n'kuwapatsira ndalama.

"Ba kapitawo athawa futi!" ankakuwa choncho amake Dailesi, msewu wonse n'kuseka.

Nkhuni za apongozi sindinazigogodepo ngakhale kamodzi. M'mutu mwanga kugogoda kunali ngati kufunsa munthu kuti kodi simukunama, ndipo funso limenelo sindikanalifunsa mayi amene anandiberekera mkazi. Mwamwayi nkhuni zawo zinali zabwino, za mitengo yofa yokha yomwe ankatola kuphiri. Ndinkaziona ndi maso iwo atapita n'kuziponya pamulu.

Mu Juni, kuzizira kutafika polimba, anabwera ndi ngolo yodzaza theka. Ba Lute anali ku Lusaka. Nditasuzumira kuseri kwa mulu, nkhunizo ndinazizindikira pomwepo. Unali mtondo wa m'munda watsopano womwe apongozi ankatsegula, ndipo mitengoyo ndinagwetsa nawo ine ndemwe mu Epulo, masiku omwe ndinkapuma. Nthambi zake anaziunjika pamitengopo n'kutentha, moti kunja inada bii, makungwa anapsa, ndipo kumapeto kunang'aluka ndi moto. Kwa munthu wongoona ndi maso zinali nkhuni zouma bwino. Koma mtondo wa miyezi iwiri ndi madzi okhaokha m'kati.

Ndinaima kuseri kuja thukuta likutuluka kunja kukuzizira. Amake Dailesi anabwera kudzafunsa kuti atsitse kapena ayi. Ndinati atsitse. Apongozi atapita ndinachita chinthu chomwe mpaka lero chimandichititsa manyazi: ndinazilowetsa pakati pa mulu wa nkhuni zabwino, ndikudzinamiza kuti zikasakanikirana ziyaka.

Mulu umenewo unali wa ba Mumba, bambo wopuma pantchito yemwe ankabwera ndi vani yake yoyera mwezi uliwonse wozizira. Akazi awo ankadwala mphumu, ndipo kuzizira kunkawavutitsa monga momwe utsi unkawavutitsira. N'chifukwa chake ankayenda ulendo wonsewo kusiya nkhuni za mtauni. Sankayang'ana n'komwe zomwe tikulonga. Ankakhala pamwala kudya nthochi n'kumauza aliyense kuti nkhuni za ba Lute sizichita utsi. Patapita masiku awiri anabwera, ndipo ndinawalongera ndi manja angawa.

Loweruka lotsatira, dzuwa litangokwera pang'ono, vani yoyera ija inaima pamilu. Ba Lute analipo. Ba Mumba sanapereke moni. Anatsegula kumbuyo n'kuyamba kuponya pansi zikuni zakuda zija chimodzichimodzi. Kenako anatenga chimodzi n'kukachiika pa mbaula ya amake Dailesi. Tonse tinangoima kuyang'ana. Posakhalitsa chinayamba kulira kuti tsii, kumapeto kwake kukutuluka thovu, ndipo utsi wachikasu unafuka mpaka amake Dailesi anatsokomola.

"Uyu utsi unazaza mu nyumba yanga," anatero ba Mumba, mawu ali pansi. "Amai analephela kupuma. Tinathamanga nao kuchipatala, masiku awili ali pa bedi. Ine nenze kukhulupilila imwe, ba Lute."

Akanakalipa zikanandipepukira. Ba Lute anatola chikuni chimodzi, kuchitembenuza, n'kundiyang'ana.

"Izi unagogoda?"

"Iyayi."

"Unaziba kuti ni ziwisi?"

Bodza linali pafupi, ndipo likanamveka, chifukwa nkhunizo zinkaoneka zouma. Koma ndinaganiza za mayi uja ali pabedi la chipatala.

"Ninaziba," ndinayankha.

"Ni za apongozi ake," anatero amake Dailesi, kufuna kundithandiza.

Ba Lute anapumira m'mwamba. "Zakeyo, nchito uiziba, ndiye chamene chinibaba. Koma ine nilibe malo ya munthu wamene asankha wogogoda na wosagogoda."

Asanamalize tinamva belu la ng'ombe. Panjira ya kumudzi panatulukira ngolo, ulendo uno yodzaza mpaka pamwamba ndi mtondo wakuda womwe uja. Mlamu wanga wamkulu ndiye ankayendetsa, ndipo kumbuyo kwake kunkabwera duku lofiira. Miyendo yanga inayamba yokha kulowera kuseri kwa mulu, koma ba Lute anandigwira mkono.

"Ndiye aba abwela. Gogoda pamaso pao, olo siya nkhwangwa apa uyende ku nyumba."

Ndinachita mantha kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga. Ndikakana, ntchito yatha, ndipo mwana abadwa mu Ogasiti bambo wake ali ng'ombe yosakoka ija. Ndikagogoda, ndiye kuti ndachititsa manyazi apongozi pamsewu, pamaso pa alendo, ndipo mkamwini wotero sachedwa kumuonetsa njira ya kwawo. Ngolo inaima. Apongozi atandiona ndili poyera anadabwa, anatembenukira kumbali n'kukhala pansi pafupi ndi tebulo la nthochi.

Ndinazungulira mbali ina ya ngolo kuti ikhale pakati pathu. Ndinagwada, kuwomba m'manja nkhope itayang'ana kumsewu, n'kulankhula kwa amake Dailesi.

"Auzeni amai kuti nipempha kugogoda nkhuni zao."

Panadutsa lole yaikulu, ndipo ndinathokoza phokoso lake. Itapita ndinamva mawu a apongozi.

"Muuzeni agogode."

Ndinatenga ziwiri pamwamba. Phu, phu. Ndinatenga zina pakati, kenako zapansi, ndikupemphera kuti mwina chimodzi chindipulumutse. Zonse zinameza mawu. Ndinaimika chimodzi, kukhomera chitsulo ndi hamala mpaka chinang'ambika, ndipo mtima wake unali wonyowa moonekeratu. Ndinapatsa amake Dailesi chibanthu chimodzi, iwo n'kukapereka kwa apongozi, amene anachigunditsa patsaya monga ankationera tikuchita. Kenako ndinatola zikuni ziwiri za muwanga pamulu wathu n'kuzimenyetsa, ndipo zinalira mpaka tsidya la msewu.

Mlamu wanga analumpha pangolo. "Iwe mkamwini, wadya vakudya vathu chaka chonse, lelo ufuna kusebanya amai, kuwachitisa nsoni pa msewu?"

"Khala chete, iwe," anatero apongozi. Sanakweze mawu, koma mlamu anakhaladi chete. Kenako analankhula kwa amake Dailesi, mokweza kuti ine ndimve ndekha. "Mufunseni. Zija zoyamba anaziba kuti ni ziwisi?"

Ndinavomera ndi mutu, amake Dailesi n'kunena kuti ee.

"Nanga anakhalilanji chete? Ine kukhichini kwanga utsi utuluka mu udzu wa pa denga, upha na tuzilombo mu chimanga. Nyumba ya chumuni sininalowemo. Woziba ni yeve. Miyezi iwili nibwela pano. Za anzanga agogoda, za abusa agogoda. Zanga chabe alandila monga za wopemphapempha, ndalama anitumizila kuchokela kumbuyo kwa mulu. Nenze kubwelela ku nyumba na nsoni, kuganiza kuti aniona monga nkhalamba yomvelela chifundo. Nkhuni zanga za kuphili zenze zabwino, koma kulibe ananiuzako."

Mawu amenewo anandilasa kuposa a ba Mumba. Miyezi yonseyo ndinkadziona ngati mkamwini waulemu kuposa onse m'mudzimo, osadziwa kuti mayiyo ankachoka pamilu pathu mtima ukuwawa. Ndinali chigwadire, maso ali pa phula la msewu, ndipo misozi inatuluka pamaso pa anthu onsewo.

Apongozi ananyamuka n'kupita pomwe panaima ba Mumba. Anagwada n'kufunsa za odwala, kuti akudya kapena ayi, ndiponso ngati ali ndi wowasamalira. Anati nkhunizo zinali zawo, ndipo sankadziwa. Ba Mumba anavula chipewa n'kuwadzutsa, nati amayi atuluka m'chipatala ndipo akupezako bwino. Ine sanandiyang'ane, ndipo sindinawadandaule.

Ba Lute analoza mulu wa muwanga womwe ankasungira lole ya Lachiwiri. "Longa vani na uyu. Chikuni chilichonse upase ba Mumba agogode okha." Ndinalonga mpaka dzuwa linafika pamutu, bamboyo akugogoda chimodzichimodzi osalumpha. Vani itapita ndinatsamiritsa nkhwangwa pamulu n'kuima, kudikira kuti andiuze zanga. Ba Lute anali akumanga chitenje kukonzekera kupita.

"Waimilila chani? Iyi ngolo izazisisa yeka? Ng'amba zonse, uike kumbuyo pa mphepo. Chaka chamawa zizakhala ndalama. Mande ubwele na sikisi."

Ndinangotola nkhwangwa ija.

Zinthu sizinakhale bwino tsiku limodzi. Ba Mumba sanabwerenso nyengo imeneyo. Anadzaonekera chaka chotsatira, ndipo kuyambira pamenepo sankakhalanso pamwala kudya nthochi, ankaima pavani kugogoda okha. Mlamu wanga anatha mwezi osandiyankha moni. Malita atamva nkhaniyi anandikalipira kuti bwenzi nditamuuza iye tsiku loyamba lomwelo, akanakawauza mayi ake madzulo ake, nkhani n'kuthera pakhomo. Ankanena zoona, ndipo njira yapafupi imeneyo sinandibwerere m'mutu n'komwe. Mwana anabadwa mu Ogasiti, wamkazi, ndipo bulangete lomufunditsa ndinagula ine.

Kwa ba Lute ndinagwira zaka zisanu, kenako ndinayamba milu yangayanga. Chomwe ndinatenga pa tsiku lija n'chakuti kusayesa katundu wa munthu si kumulemekeza. Woipa umamupatsa mpata, wabwino umamumana chiyamiko chake, ndipo wosadziwa umamusiya akagwe pamaso pa anthu. Amene amalipira zonsezo ndi munthu wina kutali, yemwe wangotseka mawindo n'kusonkha moto akukhulupirira iwe. Kuyambira pamenepo ndimagogoda za aliyense, ndipo amene ndimamuopa kwambiri ndi amene ndimayamba naye.

Apongozi sanabwere pamilu kwa miyezi yoposa iwiri, ndipo ndinkaganiza kuti basi, ndawataya. Tsiku lina mu Seputembala duku lofiira linatulukira, pamutu pali mtolo wa kuphiri. Anautula, n'kukakhala pafupi ndi nthochi atayang'ana kumbali monga mwa mwambo. Ananong'oneza amake Dailesi, amene anabwera kwa ine akumwetulira.

"Akuti musayende patali. Afuna kumvela mwamene zilila."

Ndinagwada, kuwomba m'manja, n'kusolola zikuni ziwiri. Ndinazimenyetsa ndi mphamvu zanga zonse, ndipo zinati ngwe, ngwe, mpaka ng'ombe ya munthu wina inadzidzimuka.

"Auzeni amai kuti izi ni nambala wani," ndinatero.

Amake Dailesi sanavutike n'kupereka uthengawo. Kumbuyo kwanga ndinamva apongozi anga akuseka.